Gasiketi imene inatengera a Namanya kwawo

Ana anga, mwandivutitsa nthawi yaitali kuti ndilembe za ntchito yanga, mpaka Tiyamike wandigulira magalasi a maso kuti ndisowe ponamizira. Za ubwana sindilemba. Ndinaweta mbuzi kuno kwa Kaluluma monga anzanga onse, sukulu ndinailekera panjira, basi. Ndiyambira pamene manja anga anayamba kuda ndi girizi. Ndikuuziretuni kuti zambiri m'chigawo chino ndi za a Namanya, bambo aja ankakuotcherani mbatata ku esiteti, inu n'kumalandira mutatseka mphuno chifukwa cha fungo la fodya. Ndimawasowa kwambiri bambo amenewa, ndipo ndikufuna mudziwe mmene ndinasiyanirana nawo.

M'ma 1980, pa boma la Kasungu

Ntchito yanga yoyamba inali pa galaja ya a Chirwa, kuseri kwa msika. A Chirwa anali Mtumbuka wa cha ku Nkhamenya, wamfupi, wa mtima wapachala, amene anaphunzira umakaniko m'mafamu a ku Zambia. Poyamba sanandilole ngakhale kukhudza sipanala. Ntchito yanga inali kutsuka mabawuti m'parafini ndi kumvetsera. Galimoto ikalowa ankaisiya ikulira, n'kundiitana. "Iwe Phiri, ikuti chiyani iyi?" Ndikayankha zopanda mutu ankandikoka khutu, chonsecho ndinali kale ndi ndevu. "Ulije makutu iwe? Injini ikudandaula pamaso pako, iwe wangoti kakasi!" Ndinkapsa mtima, ndipo kangapo ndinamanga katundu kuti ndizibwerera kumudzi, koma m'mawa ndinkapezeka ndili pomwepo ndi beseni langa la parafini.

Zipangizo zinali zosowa masiku amenewo, choncho magasiketi ambiri tinkadula tokha. Gasiketi ndi kachipepala kolimba kamene kamagona pakati pa zitsulo ziwiri za injini kuti mafuta, madzi kapena mpweya zisadutse posayenera. Kadulidwe kake unkayala pepala pamwamba pa chitsulocho, n'kumagogoda pang'onopang'ono m'mphepete ndi kahamala ka mutu wobulungira, mpaka chitsulo chidule chokha pepalalo, mabowo ndi ngodya zonse. Pa mapampu a madzi tinkagwiritsa katoni ya sopo yopaka girizi, ndipo inkagwira. Koma a Chirwa anali ndi mpukutu wa pepala lenileni la gasiketi, lotuwa, lochokera ku Zambia, limene ankalitsekera m'thilanki pamodzi ndi nsapato zawo za ku tchalitchi. Tsiku limene ndinawatsanzika kuti ndapeza ntchito ku esiteti sanandiyamikire kapena kundifunira mafuno abwino. Anangotsegula thilanki, n'kudula chipepala chachikulu ngati thireyi, n'kundiponyera.

"Ichi si cha mapampu a madzi," anatero. "Kumeneko katoni imakwana. Ichi ndi cha pamene katoni yakana. Zipita, ukutchinga kuwala."

M'ma 1990, kumadzulo kwa Chulu

Esiteti imene inandilemba inali ya fodya wa m'zigafa. Mwini wake ankakhala ku Lilongwe, ndipo tinkamuona fodya akayamba kupita ku okushoni. Mamanijala ankasinthasintha. Wina ankayeza dizilo ndi kamtengo m'mawa uliwonse ngati tonse ndife akuba, wina ankafuna thalakitala ilime opanda oyilo chifukwa choti oyilo wadula. Ndinakangana nawo onse, ndipo sindinong'oneza bondo. Wotsiriza, a Gondwe, ndiye anali munthu womva, ndipo ndi amene tinatseka naye esiteti ija. Ine ndinali ndi mathalakitala awiri, lole, kapikapu kakale ka petulo, pampu ya ku nazale ndi majeke odindira mabelo. Chipepala cha a Chirwa ndinachikulunga m'chiguduli n'kuchigoneka pamwamba pa kabati m'nyumba mwathu, ndipo katoni inapitiriza kukwana.

Pa esiteti panali mwambo umene aliyense ankaudziwa ngakhale sunalembedwe paliponse. Lole inkapita kummwera kukatenga matenanti nthawi ya nazale isanafike, ndipo malonda akatha inkabweza amene akufuna kubwerera. Esiteti imene inakutenga pakhomo pako inkayenera kukakutulanso pakhomo pako, iwe ndi katundu wako. Ine maulendo amenewo sindinkapita nawo chifukwa mathalakitala sankandilola kuchoka, moti malire anga anali Lilongwe.

A Namanya anabwera pa lole imeneyo kuchokera ku Phalombe, iwo ndi akazi awo, amake Esinati. Anabwera kudzakhala chaka chimodzi chokha, akutero, kuti apeze malata a nyumba. Chakacho chinasanduka zaka mpaka imvi zinamera. Ana awo anakulira pompo, n'kukwatiwa ndi kukwatira m'maesiteti oyandikana nawo. Malata ankagula ndithu, pang'onopang'ono, koma sanafolere nawo nyumba ya ku esiteti. Anawaimika m'chipinda, atawamanga ndi luzi, iwo n'kumagona pansi pa udzu wothonya. Ndinawafunsapo kuti, "Kodi a Namanya, malatawa mukuwaweta kuti aswane?" Anandiyankha kuti, "Amenewo ndi a kunyumba, amakaniko. Kuno ndi kuntchito."

Anali munthu wosalankhulalankhula, wamtali, wowerama pang'ono, ndipo pa jeke panalibe wowaposa. Chimene chinatiyanjanitsa ndi kapikapu kaja. Tsiku lina kanayamba kulira mokwera ndi kutsika, kakuimba kamluzu kosaoneka kumene kakuchokera. Ndinadziwa kuti injini ikuba mpweya penapake, koma maso sanapeze malowo. A Chirwa anandiphunzitsa njira yake: uzimitse injini, utseke khomo la mpweya ndi pulasitiki, ulowetse kapayipi, wina auziremo utsi wa fodya. Pamene pakutuluka utsi, pamenepo ndiye pabooka. Vuto linali lakuti ine ndinali nditangosankhidwa kumene kukhala mkulu wa mpingo, ndipo fodya sindinamuikepo pakamwa chibadwire, ngakhale ndi amene wandidyetsa moyo wanga wonse. Ndinatuluka panja, n'kuona bambo wamtali atakhala pa belo, akusuta chingambwe chachikulu ngati chala cha kuphazi.

"Bambo, tandibwerekani m'kamwa mwanumo," ndinatero.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Mubweza liti?"

Kuyambira tsiku limenelo injini iliyonse yoba mpweya inali ya tonse awiri. Ovolosi yanga inkanunkha chingambwe, mpaka mayi wina wa mvano anakanong'oneza abusa kuti a Phiri ayamba kusuta mobisa. Amayi anu, anaBanda, anaseka mpaka misozi, koma ine sindinaseke, chifukwa nkhaniyo ndinakaiyankha pamaso pa akulu anzanga. Lamulungu lililonse masana, ine ndikachoka ku tchalitchi, tinkakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa galaja n'kumasewera bawo. Sitinkacheza zambiri. Iwo ankandidya nkhomo mwakachetechete, ine n'kumalalata kuti aba, iwo n'kumangomwetulira ndi mano awo ofiirawo. Sindikumbuka tsiku limene anasiya kunditchula kuti amakaniko n'kuyamba kunena kuti achimwene. Abale anga enieni ndinali nawo, koma munthu amene ndinkakhala naye chete osatopa anali ameneyu.

Zaka za mizere ya mafuta

Inu mukukumbukira nthawi ija magalimoto ankagona pa mizere kudikira mafuta, m'masitolo mulibe ndi fyuzi yomwe. Esiteti yathu inali itadwala kale, ndipo nthawi imeneyo inaimaliza. Mwini wake analamula kuti malonda akatha zonse zigulitsidwe. Lole inanyamula matenanti a kummwera ulendo wake wotsiriza, ndipo pobwerako inapita kwa amene anaigula. A Namanya sanakwere nawo. A Gondwe anawapempha kuti atsale adinde mabelo otsiriza, n'kuwalonjeza kuti adzawatula ndi pikapu.

Pikapu imeneyi siinali kakale kaja. Inali ina ya petulo, ya makono, imene bwana anagula ku Joni n'kuitaya ku esiteti ataitopa. Pamwamba pa injini yake panali chibokosi cha aluminiyamu chimene chimalandira mpweya n'kuugawira m'masilinda, chimene ife amakaniko timangoti manifodi. Chinali cha zigawo ziwiri, cha pamwamba ndi cha pansi, ndipo pakati pake panali gasiketi. Mabelo otsiriza atangochoka, pikapu inayamba kamluzu. Ikaima inkanjenjemera n'kuzima, pa chitunda inkatsamwa, ndipo inkatentha msanga. A Namanya anauzira utsi, ndipo unatuluka m'mbali yonse ya kumbuyo kwa manifodi. Gasiketi inali itapsa n'kuthetheka.

A Gondwe anandiitana mu ofesi, mmene munali mutatsala tebulo ndi mpando umodzi.

"A Phiri, tandiuzani zoona. Iyi ingafike ku Phalombe?"

"Mmene ililimu, bwana, ndi pa Lilongwe pomwe siifika. Ndipo tikaikakamiza tiotcha mavavu, injini iferatu."

"Gasiketi ndafunsa m'masitolo onse a ku Lilongwe, kulibe. Simungadule ya katoni monga mumachitira muja?"

"Pamenepa katoni siikhala. Ndi kutentha kwake, ulendo wautali chonchi, ifewa n'kumezedwa ndi injini. Tikagona m'tchire ndi malata a eni."

Anapukusa mutu. "Wogula akubwera kumapeto a mwezi, ndipo wati aitenga ngakhale pa chingwe. Petulo wa ulendowu ndinabisa m'zigubu, alipo. Mukaidzutsa, mukawatule a Namanya. Ikakanika, ine ndasamba m'manja, chifukwa galimoto ina ndilibe."

Zonse zimene ndinawauza a Gondwe zinali zoona. Chimene sanandifunse n'chakuti ngati ndinali ndi china choposa katoni, ndipo ine sindinachitchule. Ndinatuluka mu ofesi muja mtima ukudumpha ndi chimwemwe, ndipo ndikuuzani chifukwa chake. Ine ndinali kubwerera kuno kwa Kaluluma kudzapuma, ndipo kuseri kwa dimba lathu kunali tsala la malume anga limene palibe ankalima. Lamulungu lotsatira, tili pa bawo, ndinawauza a Namanya.

"Achimwene, ku Phalombe mwachokako kalekale. Ana anu ali konkuno. Kwathu kuli malo, abale anga ndalankhula nawo, avomera. Malata anuwo tikakweza pa ngolo, mwezi umodzi nyumba yaima. Mukavutikiranji?"

Anatola nkhomo zawo, n'kuzigawa m'maenje mosafulumira. "Malata aja basi siingawanyamule, n'zoona," anatero. "Galimoto ikakana, tibwera kwanuko. Titani nanga?"

Sabata imeneyo ndinayenda ngati mnyamata. M'mutu mwanga nyumba yawo ndinali nditaimanga kale, khomo litayang'ana kwathu, ndipo ndinali nditasankha ndi mtengo womwe woikapo bawo. Pikapu ndinaifunditsa lona, ndipo aliyense wofunsa ndinkamuyankha kuti gasiketi kulibe dziko lonse lino.

M'mawa wina amayi anu anali kulongedza katundu wathu. Ndinawapeza atakwera pa mpando, atatsitsa chiguduli chija pamwamba pa kabati.

"Abambo, ichi tinyamule kapena mukuchifuna ku galaja?"

"Chiikeni m'katundu," ndinatero, ndisakuwayang'ana.

Anatsika pa mpando n'kukhala pansi, chiguduli chili pamiyendo. "Dzulo ndinali kwa amake Esinati. Ndinawapeza akupukuta malata aja limodzilimodzi ndi kansanza ka mafuta. Sanadandaule kanthu, mukuwadziwa. Anangondifunsa ngati kwa Kaluluma kumaoneka phiri lalikulu. Ndinawauza kuti kwathu n'kwathyathyathya ngati konkuno, ndipo anangoti, 'Chabwino.'"

"Ndiye ine nditani? Ndiwaumbire phiri?"

"Inu mukufuna mnzanu wa bawo. Mnzangayo akufuna kukafera kwawo, pamene pali manda a amake."

Ndinapsa mtima zedi. "Za galimoto mukuzidziwa inu?"

"Za galimoto ayi," anatero mofatsa. "Koma chipepala ichi ndachipukuta fumbi kuyambira ndili mtsikana, ndipo munandiuza nokha ntchito yake."

Ndinatuluka osamwa tiyi. Ndinayenda mpaka ku zigafa, zimene zinali zitayamba kale kugwa, udzu wake anthu akusolola. Ndinakhala pamenepo mpaka dzuwa linafika pamutu, ndikudzitsutsa ndi kudziikira kumbuyo. Ndinkati palibe amene ndamunamiza, ndipo kwathu akakhala bwino kuposa kumene akupitako, kumene mwina ndi malo olima omwe kulibe. Koma nkhope ya amake Esinati inkandibwerera. Mayi ameneyu anagona pansi pa denga lothonya mpaka kukalamba, malata ali m'chipinda, chifukwa ankakhulupirira kuti galimoto imene inamutenga idzamubweza. Ndinazindikira kuti a Namanya akabwera kwathu adzakhala pa bawo ndi ine, koma madzulo azidzalowa m'nyumba mwa mkazi amene ndamutsekera njira. Ndinabwerera kunyumba, n'kutenga chiguduli chija, n'kulunjika nacho ku galaja.

Ntchitoyo ndinaigwira mofatsa kuposa ina iliyonse pa moyo wanga, mwina chifukwa sindinkafuna kuti ithe. Ndinachotsa waya wa batire, payipi yaikulu yochokera ku sefa ya mpweya, chingwe cha moto ndi timapayipi tonse, kalikonse ndikukamanga kaulusi ka mtundu wake kuti ndisadzasokoneze pobwezera. Ndinamasula mabawuti kuyambira kunja kulowa mkati, n'kunyamula chigawo cha pamwamba. M'mabowo a chigawo cha pansi ndinatsekamo nsanza zoyera, chifukwa kachidutswa kakang'ono kakagweramo, injini yonse yapita. Gasiketi yakale inali itauma ngati tsamba la fodya, ndipo ndinaipala ndi kachitsulo kosathwa kuti ndisakande aluminiyamu. Nditagoneka chigawo cha pamwamba pa galasi la zenera ndinaona kuti ngodya imodzi yapindika pang'ono, choncho ndinayala sandipepa pa galasipo n'kuchikhula mozungulira mpaka chinagona bwino.

Kenako ndinamasula chiguduli. Pepala la a Chirwa linali lidakali lofewa, losathetheka, ngati ladulidwa dzulo. Ndinaliyala pa chitsulo n'kuyamba kugogoda. A Namanya anamva kulira kwa kahamala n'kubwera, ndipo anakhala pa tayala, akuonerera mabowo akutseguka limodzilimodzi. Nditamaliza ndinachotsa nsanza zija, n'kusuzumira m'bowo lililonse kuti ndisasiyemo kanthu. Ndinagoneka gasiketi, n'kuvundikira, n'kumanga mabawuti kuyambira pakati, uku ndi uku mosinthana, pang'onopang'ono, kuti pasakhale mbali yolemedwa kuposa inzake. Ndinabwezera timapayipi, n'kutseka khomo la mpweya ndi pulasitiki, n'kuwapatsa a Namanya kapayipi.

Anapichira chingambwe chawo, n'kukoka, n'kuuzira. Tonse awiri tinaweramira m'boneti. Ndikuuzani zoona, ana anga, m'moyo mwanga monse ndi tsiku lokhalo limene ndinalakalaka kuti ntchito ya manja anga ikanike. Ndinayang'ana kumbuyo kwa manifodi, m'mbali, pansi. Utsi sunatuluke.

"Ndiuzirenso?" anafunsa.

"Uzirani."

Anauzira mpaka kutsokomola, koma panalibe ndi kafungo komwe. Nditachotsa pulasitiki n'kuiliza, injini inalira mosalala, yopanda mluzu, yosanjenjemera. A Namanya anatola kachidutswa ka pepala kamene kanagwa pansi, n'kukatembenuza m'manja.

"Ichi si katoni, achimwene. Munachitola kuti?"

"Chinalipo."

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira kale."

Anandiyang'ana ndi maso awo ofiira ndi utsi. "Mukanangokhala chete, akanadziwa ndani?"

"AnaBanda," ndinatero.

Anaseka mpaka anagwira pa boneti, ndipo ine ndinaseka nawo. Kenako anati, "Ndikawauze amake Esinati," n'kunyamuka. Sanayende mowerama monga mwa masiku onse, anachita ngati akuthamanga.

Mwezi womwewo, ulendo wa ku Phalombe

Dalaivala anali atachotsedwa kale ntchito, choncho ndinayendetsa ndekha. Tinanyamuka m'mamawa, malata titawamanga pansi, pamwamba pake mphasa, mitondo, njinga ndi dengu la nkhuku. Amake Esinati anakhala pakati, atavala chitenje chatsopano chimene amayi anu anawapatsa potsanzikana. Titadutsa Lilongwe tinalowa Dedza ndi Ntcheu, malo amene ndinkangowamva m'kamwa mwa matenanti. Njira yonse khutu langa linali pa injini. Pa zitunda za ku Dedza ndinkati mwina apa kamluzu kabwerera, koma pikapu inakwera osatsamwa ngakhale kamodzi.

Dzuwa litapendeka, titadutsa Zomba, phiri linatulukira kutsogolo kwathu, lalikulu moti ndinachita mantha kuti anthu amagona bwanji pansi pa chinthu chotero. Amake Esinati anagwira dzanja la amuna awo, n'kuyamba kutchula mayina a midzi ndi timitsinje tisanatifike. Mayi amene ku esiteti mawu ake sankamveka kutali anali kundilamula ngati kapitawo: "Alamu, khoterani uku! Alamu, pang'onopang'ono, pali mlatho!"

Titaima, mayi wina wokalamba anatuluka m'nyumba, n'kutchinga dzuwa ndi dzanja kuti aone bwino. Anali mkulu wawo wa amake Esinati. Anakuwa, ndipo mudzi wonse unathamangira pa galimoto, nthungululu zili wowowo. Azimayi awiriwo anagwa pansi atakumbatirana, akulira ndi kuseka nthawi imodzi. Ine ndinayang'ana a Namanya, ndipo ndinaona munthu amene sindinkamudziwa. Anali kulankhula Chilomwe mokweza, manja ali m'mwamba, akuseka chikhakhali, amuna anzawo akuwamenya pamsana ndi kuwaitana dzina lina limene sindinalimvepo. Zaka zonse zija ndinkati ndi munthu wofatsa mwachibadwa, osadziwa kuti anali kungokhala mwaulemu monga mlendo pa mudzi wa eni. Zinandiwawa, ndipo nthawi yomweyo ndinakondwa kuti sindinamutsekere kwa Kaluluma. Anandilandira bwino kwambiri, anandiphera nkhuku, ndipo aliyense wobwera ankauzidwa kuti uyu ndi mbale wathu wa ku Kasungu. Koma macheza ankathamangira m'Chilomwe, ndipo amene anakhala chete tsiku limenelo ndinali ine.

M'mawa mwake ndinanyamuka. A Namanya anakwera nane mpaka pa msewu waukulu, ndipo panjira anandilozera munda wa alamu awo, mmene munali mitengo youma ya nandolo.

"Mwachedwa pang'ono, achimwene, athyola kale," anatero. "Mudzabwere nandolo akacha. Mudzadye wamuwisi, wophika ndi makoko ake, osati wouma uja mumagula kwanu. Mudzapeza nyumba nditafolera."

"Ndidzabwera," ndinatero.

Anatsika, n'kutseka chitseko, n'kugogoda kawiri padenga monga amachitira anthu potsanzika galimoto. Ndinawaona pa galasi ataima m'mphepete mwa msewu mpaka fumbi linawaphimba. Ulendo wobwerera ndinayenda ndekha, kumbuyo kulibe kanthu, ndipo penapake ndisanafike pa Balaka ndinaimika galimoto n'kulira ngati mwana. Pikapu ija wogula anaitenga kumapeto a mwezi, ndipo sindinaionenso.

Lero, kwa Kaluluma

Chaka chotsatira amayi anu anayamba kudwala, ndipo mukudziwa mmene tinayendera m'zipatala mpaka anatisiya. Poyamba tinkaimbirana ndi a Namanya pa foni ya mdzukulu wa alamu awo. Anandiuza kuti nyumba yatha, ndipo amake Esinati akudandaula kuti mvula ikusokosa padenga. Kenaka nambalayo inasiya kulowa. Esinati ndi amuna ake anasamukira ku Zambia, ndipo ana enawo ndafunsa m'maesiteti osawapeza. Tsala la malume lija likadalipo, mbuzi zanu ndi zimene zimadyako. Bawo ndimasewera ndi anthu apa sitolo, koma amalongolola kwambiri, ndipo ndimabwerako mutu ukupweteka.

Tsono iwe Chisomo, mwana wanga, poti tsopano uli ndi galimoto, ndili ndi pempho. Suti ina ya Khirisimasi sindikuifuna, zakwana. Ndikufuna undinyamule tipite ku Phalombe. Njira ndikuikumbukira: ukadutsa msika pali mlatho, ukawoloka ukhotere kumanzere, phiri likhale kudzanja lamanja. Sindikudziwa ngati ali moyo. Tikawapeza, usadzandifulumizitse, undisiye ndikhale nawo masiku angapo. Tikapanda kuwapeza, abale awo akatilozera pamene anagona, ndipo ndikakhala pansi pamenepo pang'ono. Ndafunsa amayi a kummwera amene amagulitsa pa msika, akuti nandolo ayamba kucha mwezi wa mawa. Upemphe tchuthi msanga, mawondo angawa sadikira chaka china.